Magetsi abwera, maseva onse ayaka, koma cluster ikukana: poyambira ndi pati?

Vuto ili limabwera ndi nkhope imodzi nthawi zonse. Magetsi athima usiku, mabatire atha, kukacha magetsi abwera, timagetsi tobiriwira tayaka pa maseva onse ndipo mafani akulira bwinobwino. Koma a pa kauntala akatsegula sisitimu akungoona tsamba loyera, kapena uthenga woti database, mosungira kaundula, siyikupezeka. Panja pali mzere wa anthu, ena adzuka m'mbandakucha kuchokera ku Chamama kapena ku Santhe, ndipo abwana aima pakhomo ndi funso lawo: "Achimwene, si paja munati tikagula maseva awiri zimenezi zidzatha?"

Ndimasamalira makina otere m'maofesi ang'onoang'ono kuno ku Kasungu, ndipo kamangidwe komwe ndimakumana nako kawirikawiri ndi aka: maseva a Linux, Keepalived yosunga adiresi imodzi yomwe aliyense amalowera (adiresi yoyandama, yotha kusamuka kuchoka pa seva ina kupita pa ina), HAProxy yogawa anthu, ndi MariaDB Galera yosunga kaundula. Ngati zanu zili choncho kapena zofananako, dziwani chinthu chimodzi musanagwire kiyibodi: nthawi zambiri palibe chimene chafa. Cluster, ndiye kuti gulu la maseva ogwira ntchito limodzi, yakana dala, chifukwa siyikudziwa kuti mwa masevawo ndi iti yomwe ili ndi zolemba zomaliza, ndipo idapangidwa kuti ikakayika iziima. Ndalama za anthu zimatayika pa mphindi yomwe katswiri, mtima uli phaphapha chifukwa cha mzere uja, wayikakamiza kudzuka osayamba wayifunsa chifukwa chake.

Yambani ndi switch

Musanatsegule fayilo iliyonse, yang'anani switch, pomwe mawaya a netiweki a maseva onse amakumana. Kodi yayaka? Ili pa UPS, batire lopatsa makina mphamvu magetsi akathima, kapena idangolumikizidwa pa soketi ya pakhoma? Kenako kuchokera pa seva iliyonse chitani `ping` kwa anzake onse. Ma switch ena akuluakulu amatenga mphindi zingapo kuti adzuke, pomwe seva ya diski ya SSD imakhala itadzuka kale. Seva ya Galera ikadzuka n'kusapeza gulu loti ilowemo, imadikira pafupifupi masekondi 30 kenako n'kusiya, ndipo mu log mumapeza mawu akuti "failed to reach primary view". Zikatero makina ali moyo, koma MariaDB idaima kalekale.

Onaninso tsiku ndi nthawi ndi `date`. Kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa bolodi kakatha, seva imadzuka ikuganiza kuti tili zaka zambiri m'mbuyo, ma certificate onse amaoneka ngati nthawi yawo siyidakwane, ndipo maseva olankhulana kudzera pa TLS amakanana. Kabatireko n'kotsika mtengo, ndipo chrony, pulogalamu yokonza wotchi, ikhale ikuyenda pa makina onse.

Database yonse yagona: idzuke iti poyamba?

Apa ndi pofunika kudekha koposa. Galera imapatsa nambala cholembedwa chilichonse, motsatana, ndipo nambalayo imatchedwa seqno. Seva yomwe ili ndi seqno yaikulu ndiyo idaona zomaliza. Magetsi akathima, maseva safa nthawi imodzi, chifukwa mabatire sakalamba mofanana. Imodzi itha kufa 2 koloko usiku, ziwiri zinazo n'kupitiriza kulandira malipiro a pa Airtel Money ndi TNM Mpamba mpaka 4 koloko. Mukadzutsa cluster kuchokera pa ija idafa 2 koloko, mwauza gulu lonse kuti mbiri idathera pomwepo. Zinazo zikamabwera, mwina zikana kulowa, mwina zifufutidwa n'kukopera za mnzawo wotsalirayo, ndipo malipiro a maola awiri aja apita. Membala ali ndi uthenga pa foni yake woti adalipira, koma m'kaundula mulibe.

Choyamba, yatsani maseva onse ndipo muwapatse mphindi zingapo netiweki ili bwino. Galera imasunga fayilo ya `gvwstate.dat` yokumbukira omwe adali limodzi komaliza, ndipo onsewo akabwerera n'kuonana imatha kudzikonza yokha. Ngati sizinatheke, tsegulani `/var/lib/mysql/grastate.dat` pa seva iliyonse, muwerenge mizere iwiri: `seqno` ndi `safe_to_bootstrap`. Ngati maseva adazimitsidwa mwadongosolo, yomwe idazima komaliza imakhala ndi `safe_to_bootstrap: 1`, ndipo poyambira ndi pomwepo. Ngati adangofa ndi magetsi, mupeza `seqno: -1` ndi `safe_to_bootstrap: 0` paliponse. Apa fayiloyo siyikuthandizaninso, muyenera kufunsa InnoDB yeniyeniyo, gawo la MariaDB losunga zolemba pa diski.

MariaDB ili chiimire, pa seva iliyonse lembani `sudo -u mysql mariadbd --wsrep-recover` (pa makina akale dzina lake ndi `mysqld`). Mu log mutuluka mzere wa "Recovered position", ndipo nambala ya kumapeto kwake ndiyo seqno yoona. Lembani manambala atatuwo papepala ndi cholembera, pambali pa dzina la seva iliyonse. Ndimaumirira za pepalazi chifukwa manambala ake amakhala aatali, amasiyana kumapeto kokha, ndipo maso otopa amanama.

Ngati seva imodzi ikukanika kuyaka konse, musafulumire kuiiwala, pakuti mwina ndiyo ili ndi zomaliza. Yesani kuidzutsa, kapena chotsani diski yake muiwerengere pa makina ena. Ngati zonse zakanika ndipo ntchito iyenera kuyamba, chisankho chimenecho si cha katswiri yekha: auzeni abwana ndi a zowerengera ndalama kuti zolemba za maola akutiakuti ziyenera kudzafananizidwa ndi malipoti a kampani za mafoni ndi mabuku a malisiti.

Mukapeza ya nambala yaikulu, koperani kaye `/var/lib/mysql` ya maseva enawo ku diski ina ngati malo alipo. Kenako pa ya nambala yaikuluyo sinthani `safe_to_bootstrap` akhale 1, n'kulemba `galera_new_cluster`. Lamulo limeneli ndi la seva imodzi yokha basi. Mukalilemba pa maseva awiri, mwabala ma cluster awiri osadziwana, aliyense ndi kaundula wake. Zinazo zidzutseni ndi `systemctl start mariadb`, imodzi imodzi, ndipo musadzutse yachitatu yachiwiri isanafike pa Synced, kutanthauza kuti yafanana ndi yoyambayo. Funsani ndi `SHOW STATUS LIKE 'wsrep_%';` muone zitatu: `wsrep_cluster_status` ikhale Primary, `wsrep_cluster_size` ifanane ndi chiwerengero cha maseva anu, `wsrep_local_state_comment` ikhale Synced.

Seva yobwerera ili ndi njira ziwiri zopezera anzake. Ngati zomwe idaphonya zikadali mu gcache ya mnzake, fayilo yosunga zolemba zaposachedwa, imangotenga zotsalazo, njira yotchedwa IST, ndipo zimatha msanga. Ngati mulibe, imafufuta zake zonse n'kukopera database yathunthu, njira ya SST. Gcache imabwera ili 128M yokha, zomwe kwa ife a magetsi othima maola ambiri n'zochepa. Ikulitseni `gcache.size` kufika ma gigabyte angapo ngati diski ilola. Njira ya SST ikhale mariabackup, chifukwa rsync imamanga manja seva yoperekayo mpaka kukopera kutatha. Ngati yobwererayo ikungokhala pa Joining osasuntha, kawirikawiri ndi firewall, mlonda wa pa netiweki: Galera imafuna zitseko (ma port) 3306, 4567, 4568 ndi 4444 zikhale zotsegula pakati pa maseva, ndipo ambiri amakumbukira ziwiri zoyambazo n'kuiwala 4568 ya IST ndi 4444 ya SST, popeza sizigwira ntchito mpaka tsiku la vuto.

Imodzi yafa, inayo ili moyo koma ikukana

Ili ndi vuto la onse omwe adagula maseva awiri. Imodzi ikafa mwadzidzidzi, yotsalayo imayankha funso lililonse ndi cholakwika 1047, "WSREP has not yet prepared node for application use". Chifukwa chake ndi masamu a voti. Galera imagwira ntchito pokhapokha ngati mbali yomwe ili ndi yoposa theka la gulu. Imodzi mwa ziwiri ndi theka lenileni, siyiposa. Ndipo yotsalayo ilibe njira yodziwira ngati mnzake wafadi kapena ndi waya wapakati womwe waduka, mnzakeyo ali moyo akulandira anthu mbali inayo.

Pa intaneti mupeza okuuzani kuti muike `pc.ignore_sb` kuti iziyenda ngakhale ili yokha. Ndikupemphani musatero pa kaundula wa ndalama kapena wa odwala. Tsiku lomwe waya adzaduke maseva onse ali moyo, onse awiri adzalemba, aliyense zake, ndipo palibe pulogalamu yomwe idzakuphatikizireni mabuku awiriwo. Mudzakhala ndi anzanu a maakaunti mlungu wathunthu kufananiza mzere ndi mzere.

Chochita pa tsikulo ndi ichi: pitani pomwe pali seva yakufayo, muione ndi maso, muzule waya wake wa magetsi kuti isadzidzimuke yokha. Mukatero, pa yamoyoyo lembani `SET GLOBAL wsrep_provider_options='pc.bootstrap=YES';` ndipo iyamba kuyankha. Chochita kuti zisabwerezeke ndi kupeza voti yachitatu. Sikuti mugule seva ina yodula ayi. Pali kapulogalamu ka garbd komwe kamalowa m'gulu n'kumavota koma sikasunga kaundula, ndipo kamayenda bwino pa kakompyuta kakang'ono ngati Raspberry Pi kapena laputopu yakale. Kaikeni pa magetsi ake ndi batire lake, makamaka m'nyumba ina. Kukaika ku Lilongwe kudzera pa netiweki ya foni kumaoneka kwanzeru, koma garbd imalandira zonse zomwe maseva akutumizirana, ndiye mzere ukamachedwa kapena kudukaduka cluster yonse imachedwa nawo.

Adiresi imodzi, eni ake awiri

Nthawi zina database ili bwinobwino koma tsamba likutseguka kwa ena, kwa ena ayi, kapena likutseguka n'kuduka. Pa seva iliyonse ya kutsogolo, yomwe ili ndi Keepalived, lembani `ip addr` muone komwe kuli adiresi yoyandama ija. Ikapezeka pa onse awiri, vuto mwalipeza. Akuluakulu adati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo makompyuta a muofesi sadziwa woti amumvere: ena atumiza kwa uyu, ena kwa uyo.

Keepalived imayenda pa VRRP, njira yomwe maseva amagwirizanira woti agwire adiresi. Seva yomwe ili MASTER, yogwira adiresiyo, imalengeza sekondi iliyonse ku adiresi ya multicast 224.0.0.18 kuti ikadalipo, ndipo inayo ikapanda kumva kwa masekondi opitirira pang'ono atatu imadzitengera adiresiyo. Choncho ma MASTER awiri amatanthauza kuti wina sakumva mnzake. Pa seva iliyonse yendetsani `tcpdump -i eth0 vrrp`, m'malo mwa eth0 muike dzina la khadi lanu. Zinthu zikakhala bwino mumaona kulengeza kochokera ku seva imodzi yokha. Chomwe chimatseka makutu kawirikawiri ndi firewall, chifukwa VRRP si TCP kapena UDP, ndi protocol nambala 112, ndipo kutsegula ma port sikuikhudza. Pa firewalld lembani `firewall-cmd --permanent --add-protocol=vrrp` n'kuchita reload. Dziwani kuti tcpdump imaona paketi firewall isanaitaye, ndiye kuiona ikufika sikutanthauza kuti Keepalived yailandira. Ngati siyikufika n'komwe, switch kapena makina a virtual akumeza multicast, ndipo mankhwala ake ndi kulemba `unicast_src_ip` ndi `unicast_peer` kuti maseva azilankhulana mwachindunji.

Fananizaninso mafayilo awiri a Keepalived. `virtual_router_id` ikhale yofanana pa onse awiri, koma yosiyana ndi ya gulu lina lililonse pa netiweki yomweyo. Ambiri amasiya 51 ya m'chitsanzo, ndipo magulu awiri a 51 akakumana pa switch imodzi amasokonezana. Pa `auth_pass` zilembo 8 zoyamba zokha ndizo zimawerengedwa.

Palinso kulandana adiresi. Seva ya priority yaikulu ikadzuka imalanda adiresi nthawi yomweyo, database yake isanakonzeke, ndipo magetsi akamabwera n'kuthima kangapo madzulo amodzi, adiresi imangoyendayenda. Ikani `state BACKUP` pa onse awiri pamodzi ndi `nopreempt`, kuti yemwe wagwira agwirebe mpaka atalephera. Koma samalani apa, pakuti pali msampha: mukaika `nopreempt`, kutsitsa priority kudzera pa `weight` ya `vrrp_script` sikusamutsanso adiresi, popeza mnzakeyo waletsedwa kulanda. Chotsani `weight` kuti script ikalephera seva ilowe mu FAULT n'kutula adiresi yokha. Ndipo ngati HAProxy ikukana kudzuka pa seva yodikirira ndi mawu akuti "cannot bind socket", ndi chifukwa choti adiresiyo ilibe panthawiyo. Ikani `net.ipv4.ip_nonlocal_bind=1` mu sysctl.

HAProxy ikuti zonse zili bwino pomwe sizili

HAProxy ikauzidwa `check` n'kusiyidwa mmene idabwerera imagogoda pa seva masekondi awiri alionse, ikalephera katatu n'kuichotsa, ikayankha kawiri n'kuibweza. Funso ndi lakuti ikugogoda kufunsa chiyani. Ngati ikungoona kuti 3306 ndi yotsegula, seva yomwe ili kunja kwa gulu, yokana funso lililonse, imaonekabe yamoyo ndipo anthu amatumizidwa komweko. Kugogoda kotereku kulinso ndi choipa china: MariaDB imakuwerenga ngati kulumikiza kolephera, ndipo kukakwana `max_connect_errors`, yomwe imabwera ili 100, imatsekera HAProxy kunja ndi cholakwika 1129. `mariadb-admin flush-hosts` imatsegula, koma mawa zibwereranso. Chofunika ndi kufunsa funso loona. Pali script yodziwika ya clustercheck yomwe imayankha pa port 9200, ndipo imavomera pokhapokha seva ikakhala Synced. HAProxy izifunsa imeneyo.

Ngakhale Galera imalola kulemba pa seva iliyonse, ine ndimatumiza zolemba zonse ku imodzi, zinazo n'kuziika `backup`. Anthu awiri akasintha mzere umodzi pa maseva osiyana nthawi imodzi, mmodzi amabwezedwa ndi cholakwika 1213 cha deadlock, ndipo mapulogalamu ambiri a m'maofesi mwathu sadalembedwe kuti aziyesanso. Onetsetsaninso kuti matebulo onse ndi a InnoDB ndipo lililonse lili ndi primary key. Tebulo la MyISAM lotsala kuchokera ku sisitimu yakale limakhala ndi zinthu pa seva imodzi, pa inayo lili lopanda kanthu, ndipo mudzazindikira tsiku losamuka.

Mbali ya webusaiti mavuto ake ndi opepuka. Anthu akamatulutsidwa mu sisitimu adiresi ikasamuka, ndiye kuti ma session a PHP akusungidwa pa diski ya seva imodzi, asamutsireni mu database kapena mu Redis. Zithunzi za ziphaso ndi mafomu omwe anthu amakweza zikamasowa, chifukwa chake ndi chomwecho. Choopsa ndi cron, yoyendetsa ntchito pa nthawi zoikika: ikamayenda pa maseva onse awiri, mamembala amalandira SMS kawiri, ndipo ngati ntchito ya usiku ndi yowerengera chiwongoladzanja, chimawerengedwa kawiri. Ntchito iliyonse ya cron iyambe yaona ngati seva yake ndiyo ili ndi adiresi yoyandama, ngati ilibe ituluke.

Gwero lake lili m'chipinda

Zonse zili pamwambazi ndi zokonza zikachitika. Kuti zichepe, yang'anani mawaya. Maseva atatu odya pa UPS imodzi, pa switch imodzi, amafa limodzi ngati kuti ndi imodzi. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutali ndi ife, ndipo tonse tikukumbukira Januwale 2022 pomwe namondwe Ana adaononga Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Wokonza cluster ku Kasungu aziwerengera kuti magetsi adzathima nthawi yotalika kuposa mphamvu ya batire lililonse lomwe angagule.

Ndiye cholinga chisakhale choti maseva asazime konse, koma azizima mwadongosolo. Lumikizani UPS ku seva ndi waya wake wa USB, ikani NUT, pulogalamu yomvera za UPS, ndipo batire likatsika makina azizimitsa okha MariaDB, mmodzi pambuyo pa mnzake. Seva ya Galera ikachoka motsazika, otsalawo amachepetsa chiwerengero cha gulu n'kupitiriza ntchito, ndipo yomaliza imasiya `safe_to_bootstrap: 1`. M'mawa simufunikanso kusaka seqno, mungolemba `galera_new_cluster` pa imeneyo. Dziwani kuti cluster yozima yonse mwadongosolo siyidzuka yokha, imadikira munthu, choncho muofesi mukhale anthu osachepera awiri odziwa ntchitoyi, ndipo ndondomeko yake imatidwe pakhoma la chipindacho. Ikasungidwa pa seva yomwe yagonayo siyikuthandizani.

Mu BIOS sankhani kuti makina aziyaka okha magetsi akabwera, ndipo ngati pali pochedwetsera, achedwe mphindi zingapo kuti switch iyambe ndiyo, komanso kuti magetsi obwera n'kuthimanso asawapeze ali pakati podzuka. Mabatire a UPS amapimidwa pa kutentha kwa madigiri 25, ndipo kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 moyo wawo umafupika ndi theka. Kachipinda ka malata kopanda mpweya mu Okutobala kamawatha msanga, ngakhale kagetsi ka kutsogolo kakuonetsa kuti ndi odzaza. Yesaninso UPS yanu ndi jenereta: ma UPS ena otsika mtengo amakana magetsi a jenereta yosakhazikika n'kumadyabe batire jenereta ikulira panja. Ya mtundu wa online ilibe vuto limeneli kwenikweni. Nyengo ya mvula ikamayandikira, kumbukirani kuti waya wa mkuwa wodutsa panja pakati pa nyumba ziwiri umanyamula mphamvu ya mphenzi n'kuilowetsa mu switch zonse ziwiri. Pamenepo pafunika fibre.

Cluster siilowa m'malo mwa backup. Wina akafufuta tebulo molakwitsa, Galera imafufuta pa maseva onse nthawi yomweyo, mokhulupirika. Usiku uliwonse tengani backup ndi mariabackup, ina izituluka m'nyumbamo, ndipo mwezi uliwonse muziibwezeretsa pa makina ena kuti muone ngati ikutseguka.

Zikakonzeka zonsezi, yesani dala, tsiku lomwe mwasankha nokha. Kwa ife nthawi yabwino ndi Febuluwale kapena Malichi, msika wa fodya wa ku Chinkhoma usanatsegulidwe ndipo ndalama zisanayambe kuyenda kwambiri, Loweruka masana ofesi itatsekedwa, backup yatsopano ili pambali. Kuchokera pa kompyuta ya pa kauntala yambitsani `ping` ku adiresi yoyandama, kenako zulani waya wa netiweki wa seva yomwe ili MASTER. Mayankho aduke masekondi atatu kapena anayi n'kubwerera. Bwezani wayayo, muzule wa magetsi wa seva imodzi ya database, ndipo mnzanu alembe malipiro ongoyesera pa kauntala: `wsrep_cluster_size` itsike kuchoka pa 3 kufika pa 2, malipirowo alowe. Pomaliza thimitsani switch yaikulu ya magetsi a chipinda chonse, musakhudze jenereta, mukhale pansi ndi wotchi muone ngati NUT izimitse maseva batire lisanathe. Podzutsa, pepala la pakhoma lija lipatseni mnzanuyo, inu muime kumbuyo osalankhula, ndipo paliponse pomwe iye akakamire pafunika kulembedwanso.